Njinga ya gravel ku Zomba: ndigule kaye kapena ndiyambe ndi mauntini yanga yakaleyi?

Funso: Ndimakhala ku Matawale, zaka zanga ndi za m'ma 40, ntchito yanga ndi yokhala pampando tsiku lonse ndipo adokotala anati ndiziyendetsako magazi. Ndakhala ndikuonera pa YouTube anthu akupalasa njinga m'misewu ya fumbi, amati gravel, nde zandisangalatsa chifukwa mu M3 ndimaopa ma Sienta ndi mathiraki. Ndili ndi mauntini ya kaunjika ya matayala a 26. Kodi ndisunge ndalama ndigule njinga ya gravel yeniyeni? Nanga kuno ku Zomba ndingalowere kuti?

Yankho: Achimwene, ndalamazo zisungeni kaye, olo kagulireni feteleza. Mauntini muli nayoyo ikukwanira, ndipo pa misewu ina ya kuno ndi yabwino kuposa njinga mukuisirira pa foni ija. Njinga ya gravel palibe chachilendo kwenikweni, ndi njinga ya mpikisano ya pa tala ija ya mahandulo opindikira pansi, kungoti anaikulitsira foloko ndi fulemu kuti muzilowa matayala onenepa a mamilimita 38 mpaka 45, nkuikanso magiya ofewa ndi mabuleki a disiki, basi. Anzathu kunjaku msewu wa fumbi amachita kuufunafuna, ena mpaka kukweza njinga pa galimoto kuti akaupeze, nde zinasanduka masewera akuluakulu. Ku Emporia ku Kansas, ku America, kuli mpikisano wa Unbound Gravel wa mamailosi 200 umene unayamba mu 2006, bungwe la UCI loyendetsa masewera a njinga padziko lonse linachititsa mpikisano woyamba wa dziko lonse wa gravel mu 2022 ku Italy, ndipo ku Kenya kuli Migration Gravel Race ya masiku 4 ku Maasai Mara kuyambira 2021. Ife kuno mukangotuluka pa geti ku Matawale nkukhota kawiri, tala watha, fumbi layamba, laulere. Ndipo akatswiri ake timaphonyana nawo m'mawa uliwonse, azibambo a makala aja, matumba atatu pa kaliyala, giya imodzi, zitunda zonse za kuseri kwa phiri anazikwera mukadali mtulo.

Chimene ndikukuletserani kuthamangira kugula ndi masipeyala. Njinga siifera mtauni ayi, imafera kwa Govala kapena kuseri kwa Mayaka dzuwa lili paliwombo, ndipo amene angakupulumutseni ndi bambo wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango amene ali ndi zokhazo zimene zimapezeka pa msika wa pafupi. Tayala ndi chubu cha 26 ali nazo kapena atuma mwana akagule. Njinga ya gravel imavala 700c, nde apa pali msampha umene wagwira anthu ambiri. Pa matayala ena a 700c amalembapo 28, ndipo njinga zathu zakuda za kabaza zija nazonso matayala ake ndi 28, munthu nkumaganiza kuti aaa ndi zimodzi, ndikagula pa msika. Sizimodzi. Limu ya 700c ndi mamilimita 622, ya kabaza ija ndi 635, kusiyana mamilimita 13 okha koma tayala silikhala, limangovuka. Muziwerenga manambala ang'onoang'ono a m'mbali mwa tayala, mupeza palembedwa 50-559 kapena 40-622 kapena 40-635, nambala yachiwiriyo ndi imene ikukuuzani limu. Yanuyo ndi 559. Mauntini zatsopano za 29 nazonso ndi 622 yomweyo.

Kenako valavu. Njinga zambiri za gravel zimabwera ndi valavu yowonda ija ya Presta, pampu za kumudzi siziigwira, ndipo bowo la pa limu ndi laling'ono moti chubu cha valavu ya galimoto sichilowa. Kaadaputala kake nkotchipa koma mukakaiwala kunyumba mwagona komweko. Tcheni chimodzimodzi: cha magiya 7 kapena 8 kumbuyo mupeza mu msika wa Zomba, cha 11 kapena 12 muchita kuitanitsa ku Blantyre, Lilongwe kapena ku Joni. Mabuleki a waya aliyense amakonza, a mafuta aja akatha mphamvu muli ku Chingale palibe angakuthandizeni, ndipo wina akakuthirirani buleki fuludi ya galimoto mu mabuleki a Shimano, amene amafuna mafuta a mtundu wina, malabala a mkati amafufuma nkuonongekeratu. Tubeless, matayala opanda chubu aja, ndi yabwino zedi pa minga, sindikutsutsa, koma madzi ake omata aja amauma pakatha miyezi iwiri itatu kukamatentha, nde pamafunika munthu woti ali ndi kokagula.

Tsono ndalama pang'ono ikani pa mauntini yomweyo. Choyamba matayala. Ambiri a kaunjika amabwera ndi mano akuluakulu a m'matope amene pa msewu wouma amangolira nkumakudyerani mphamvu, pezani a mano ang'onoang'ono oyandikana, kunenepa kwake mainchi 1.9 mpaka 2.1. Chachiwiri mpweya, ndipo apa ndi pamene pafupifupi aliyense amalakwitsa. Tinazolowera kupopa mpaka tayala lili gwa chifukwa njinga zathu ndi zonyamula katundu, koma inu simukunyamula matumba a chimanga. Tayala louma gwa pa miyala limangodumphadumpha, siligwira pansi, manja amachita dzanzi, msana umapweteka, ndipo liwiro limatsika osati kukwera. Munthu wa makilo 80 pa tayala la 2.0 lokhala ndi chubu ayambire 35 mpaka 40 psi (muyeso wa mpweya pa geji ya pampu) kumbuyo, kutsogolo achotseko 5. Ngati pampu yanu ilibe geji dinikizani ndi chala chachikulu, lizilowa pang'ono. Mukachepetsa kwambiri mudziwa, mukagunda mwala chubu chimapanika pa limu nkuboola mabowo awiri oyandikana.

Chishalo kwezani. Khalani pa chishalo, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni, mwendo uwongoke. Mukabweza phazi pamalo pake bondo limapindika pang'ono, ndi pomwepo. Ambiri amatsitsa chishalo kuti mapazi azifika pansi ali chikhalire, mapeto ake mawondo amatupa nkumati njinga si ya anthu a zaka 40. Mukatero mupite nayo kwa wokonza aone masipoko, mawaya a mabuleki ndi a magiya, athire girizi mu mahabu, aone ngati tcheni sichinatalike. Magiya a mauntini yakale ndi chuma, zambiri zili ndi mapuleti atatu kutsogolo, kakang'ono kaja ka mano 22 kapena 24 kamene anyamata amakanyoza ndi kamene kadzakukwezeni ku Chawe. Njinga zambiri za gravel giya yake yofewetsetsa ndi yolimba kuposa yanuyo. Chipewa cha njinga gulani, osanyengerera, ndi magolovesi, ndi kabudula wa siponji. Kabudula wothina ujatu muzivala wina wamba pamwamba pake, mukudutsa m'midzi ya eni ake, mwina muima pa mjigo pali azimayi ndi apongozi a anthu.

Za kolowera. Chinthu chimodzi chimene muyenera kuchisunga m'mutu ndi mmene Zomba anakhalira. Tauni ili m'tsinde mwa phiri, mamita 900 ndi kanthu kuchokera pa nyanja yamchere, nyanja ya Chilwa ili cha m'ma 620, ndipo kuseri kwa phiri dziko limatsetsereka kulowera ku Shire. Kutanthauza kuti pafupifupi ulendo uliwonse umayamba ndi kutsika nkumalizira kukwera. Popita njinga imangoyenda yokha, mumadziona ngati katswiri, mumati ndionjezereko pang'ono ndikafike pa msika pajapa, osadziwa kuti mukukongola mphamvu zimene mudzabweze masana dzuwa likuswa mtengo, madzi atatha. Anthu ambiri amene ndawaona akukweza njinga pa lole pobwerera sanalephere chifukwa cha makilomita, analephera chifukwa anawerengera ulendo wobwerera ngati wofanana ndi wopita. Muziwerengera kuti kubwerera kudya nthawi yoposa, ndipo muzitembenuka mukadali ndi mphamvu zoposa theka.

Poyambira, milungu itatu inayi yoyamba, musapite kutali. Tengani msewu wa ku Jali pang'ono, khotani kulowa m'misewu ya m'midzi ya m'mbali mwa Likangala, zungulirani makilomita 15 mpaka 20 nkubwerera, katatu pa mulungu. A WHO amati munthu wamkulu azipeza mphindi zosachepera 150 pa mulungu za masewera otulutsa thukuta pang'ono, nde maulendo atatu a ola limodzi mwadutsa kale. Liwiro lake likhale loti mukutha kuyankha moni osabanika. Poti mwatchula adokotala, ngati nkhani ndi BP kapena shuga auzeni chimene mukufuna kuyamba, mankhwala ena amafuna muzimwa madzi ndi kudya mosamala, ndipo chifuwa chikathina kapena mutu ukazungulira tsikani, musalimbane nazo. Cha ku Air Wing, ku Cobbe Barracks, ku State House ndi ku ndende foni ikhale m'thumba, zithunzi kajambuleni kwina.

Miyendo ikazolowera pitani ku Kachulu. Ndi makilomita pafupifupi 30 kuchokera mtauni kudzera kwa Govala, kupita nkubwera 60, ndipo ulendowu umakuphunzitsani nthaka zonse za Zomba tsiku limodzi. Mumayamba pa katondo wofiira wolimba pomwe njinga imathamanga, kenako mabampu ang'onoang'ono ondondozana amene magalimoto amasiya, kenako mchenga m'makhwawa, mukamayandikira ku nyanja dothi lada, minda ya mpunga, phiri la Mpyupyu lili apo, chilumba cha Chisi chikuoneka kutsogolo, fungo la matemba ndi milamba yowamba likukulandirani musanaone madzi. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo ndi yosaya, inaphwa mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, nde gombe lake limasuntha, chaka china mabwato ali pafupi chaka china madzi ali kutali. Ndi malo a mbalame za m'madzi otetezedwa pansi pa mgwirizano wa mayiko wa Ramsar, ngati mumakonda mbalame nyamukani m'bandakucha. Koma olo kutenthe bwanji musasambe m'madzi oima a kumeneko kapena m'ngalande za mpunga, likodzo ndi lambiri.

Koma ngati chimene chinakukopani pa YouTube ndi zitunda zokwera nkutsika, kukwera nkutsika, mitengo, minda mbali zonse, ndiye dera lanu ndi la kummwera, pakati pa Thondwe, Makoka, Namadzi, Mayaka mpaka ku Jali. Kwa ine kumeneko nde kokoma kuposa konse. Mitsinje yonse imatsika kulowera ku Chilwa nde msewu umangoidula umodzi umodzi, mumatsikira pa mlatho, kukwera mphindi zisanu, kuyenda pamtunda kuona Mulanje uko kukakhala kowala, Chiradzulu uko, phiri la Zomba kumbuyo, nkutsikanso. Palibe chitunda chachitali choti nkukuliritsani koma zikaphatikizana madzulo miyendo imadziwa. Njira ndi zambirimbiri, zina zosaoneka pa Google Maps, ndipo simungasochere kwenikweni chifukwa phiri limaoneka paliponse, mukalilunjika mufika kwanu. Mukakhala ndi mphamvu pitirirani mpaka ku Magomero, kumene Bishopu Mackenzie ndi anzake a UMCA, amishoni a mpingo wa Anglican, anamanga mishoni mu 1861, komwenso anthu a John Chilembwe anakathira nkhondo pa esiteti ya Bruce mu Januwale 1915. Zitunda za mtundu umenewu zili ndi kapalasidwe kake. Sinthani giya musanayambe kukwera, osati tcheni chitakoka kale, mukasintha mukuponda mwamphamvu mumva khwaa, ndi mmene matcheni amadukira. Pa chitunda cha miyala yosakhazikika khalani pansi, mukaimirira tayala lakumbuyo limapepuka nkumazungulira pamodzimodzi. Ndipo musamathamangire pansi pa chitunda kuti mukwere ndi liwiro, pa mlatho pamakhala mchenga, maenje, pena matabwa otalikirana oti tayala nkulowa. Chidutsireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ndimafika pa mlatho uliwonse wa kumudzi zala zili pa buleki mpaka nditauona ndi maso.

Kumpoto kuli Songani, Domasi ndi Malosa, kumene mungasankhe kutsikira ku minda ya mpunga kapena kukwera chigwa cha Domasi pakati pa phiri la Zomba ndi la Malosa, kokongola koma vuto lake muyenera kudutsako mu M3 pang'ono. Dutsani m'mamawa. Kuseri kwa phiri, ku Changalume kumene ankakumba miyala ya simenti ndi ku Chingale, kusungeni kaye mpaka chaka chamawa, kutsika kwake nkwakutali, kumatentha chifukwa nkotsika, ndipo pobwerera ndi chitunda chenicheni.

Ku phiri kwenikweniko ndi nkhani ina. Kuchokera mtauni kukafika ku Ku Chawe ndi tala, makilomita pafupifupi 10 koma mukukwera mamita oposa 500, woyamba kumene amatha ola ndi theka olo awiri, palibe manyazi kutsika nkukankha. Pamwamba pali misewu ya dothi ya m'nkhalango ya paini yopita ku damu la Mulunguzi, ku Williams Falls, ku Chagwa, ku Queen's View ndi Emperor's View pomwe anaimapo Haile Selassie mu 1965, mpaka ku Chingwe's Hole, ndipo nsonga ya Malumbe imapitirira mamita 2,000. Kumeneko mauntini yanu ndi imene ili pakwawo, miyala ndi mizu ndi migula ya malole a matabwa, wa njinga ya gravel amavutika. Musapite nokha, tengani mnzanu kapena mmodzi wa anyamata operekeza alendo, netiweki imasowa malo ena ndipo nkhungu ikagwa njira zonse zimafanana. Juzi nyamulani olo mtauni muli dzuwa. Potsika samalani kwambiri, makona ndi obisika, mukumana ndi azimayi osenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, ndi njinga za nkhuni zimene mwini wake akubuleka ndi nsapato pa tayala. Gwirani mabuleki onse awiri, kugwira nkusiya, kugwira nkusiya, mukangokanikiza osasiya limu imatentha mpaka chubu kuphulika.

Nyengo nayo imasankha njira. Miyezi yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti, mvula yatha, dothi lagwirana, kukuzizira, kungoti chiperoni chikabwera ndi kamvula kowaza katondo amaterera zoopsa, ndipo mwera umaomba kuchokera kummwera chakum'mawa, nde popita ku Jali kapena ku Chilwa ukumenyani kumaso koma pobwerera ukukankhani, zimenezo nzabwino. Masiku amenewo dzuwa limalowa isanakwane hafu 5 kapena chapomwepo, pofika 6 koloko mdima, musachedwe m'njira. Sepitembala mpaka Novembala fumbi ndi kutentha, nyamukani 5 koloko m'mawa, pofika 10 mukhale mutabwerera, mchenga umakhalanso wakuya nthawi imeneyi. Mukalowa mu mchenga ikani giya yofewa, thupi kumbuyo, manja omasuka, pitirizani kupalasa osakhota mwadzidzidzi, njinga ipeza yokha njira. Pa mabampu ondondozana aja funani m'mphepete momwe akabaza apanga kanjira kosalala, iwo anayeza kale msewu wonse, tsatani mzere wawo.

Dzinja, Disembala mpaka Malichi, ku Chilwa musayerekeze kukagwa mvula. Makande a kumeneko amamata ngati nsima ya kondowole. Mamita 20 oyamba mumaseka, kenako tayala layamba kunenepa, dothi likuunjikana pa foloko ndi pa mabuleki, likutola udzu ndi timiyala, mpaka gudumu laima nji, kukankha sikutheka, kunyamula njinga yalemera kawiri, nsapato nazo zasanduka zidina. Mukakakamiza kupalasa dothi limakoka kachitsulo kosinthira magiya kumbuyo nkukalowetsa mu masipoko, ulendo wathera pompo. Mukaona tayala layamba kutola, imani, bwererani, kapena nyamulani njinga mudutse pa udzu, kamtengo kokokotera matope kakhale m'thumba. Mtsinje wodzaza musawoloke olo anthu akuuzeni kuti ndi m'mawondo, madzi ochokera ku phiri amabwera mwadzidzidzi ngakhale pomwe muli sipanagwe mvula.

Zonyamula sizambiri: chubu chimodzi kapena ziwiri, pampu, mapachi ndi solushoni, zotsegulira tayala, ma alenikii, kolumikizira tcheni, chidutswa cha tayala lakale chotsekera pomwe lang'ambika, ndi mphira za chubu chakale zomangira chilichonse chimene chamasuka. Kumata chubu phunzirani kwa akatswiri a pansi pa mango omwewo, khalani pansi muonerere. Amapopa chubu, kuchiviika m'beseni kufuna pomwe pakutuluka thovu, kupukuta, kukwecha pamalopo mpaka pachita mbuu, kupaka solushoni pang'ono, kenako amaisiya nkumacheza nanu za mpira mpaka iume osanyezimira, ndi pomwe amaika pachi nkuikanikiza ndi chogwirira cha sipanala. Asanabwezeretse amayendetsa zala mkati mwa tayala monse kufuna munga umene unaboola. Ofulumira amaika pachi solushoni ikadali yonyowa, munga nkuusiya momwemo, pa kilomita imodzi laphwanso. Tcheni musamathire oyilo wakuda wa galimoto, amagwira fumbi nkukhala phala lodya mano a magiya. Pukutani ndi kansanza mukabwera, dontho limodzi la oyilo wopepuka pa mfundo iliyonse, olo wa makina osokera, nkupukutanso. Ku kawoshi asamaipopere madzi amphamvu mu mahabu.

Madzi mabotolo awiri, kumwa pang'onopang'ono musanamve ludzu, pafupifupi theka la lita kapena kuposerapo pa ola kukatentha. Mijigo ilipo yambiri koma ina ya kufupi ndi Chilwa madzi ake ndi amchere, ndipo dera limenelo kolera amabwerabwera, nde dzadzani mabotolo mukadali kumtunda, a pa chitsime chosatetezedwa ayi. Paketi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi imathandiza tsiku lotentha, mukasowa sungunulani masupuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la supuni ya mchere mu lita imodzi. Zakudya zodula za m'mapaketi zimene mumaona pa YouTube musavutike nazo, msewu wonse uli ndi nthochi, mbatata yootcha, chinangwa, zitumbuwa, mandasi, mtedza, nzimbe, thobwa. Idyani kanthu ola lililonse musanamve njala, chifukwa njala ya pa njinga ikakugwirani miyendo imangozima. Ndalama zikhale zosintha, mayi wa nthochi sangakupezereni chenji cha K5,000, ndipo Mpamba kapena Airtel Money si paliponse.

Tsono izi ndi zimene mavidiyo akunja sangakuuzeni. Msewu wa kumudzi si bwalo la masewera, ndi pakhomo pa anthu. Mukaona masamba aikidwa mopingasa msewu, pali maliro. Tsikani, vulani chipewa, kankhani njinga mwakachetechete mpaka mudutse masamba achiwiri, olo mukhale mukuthamangitsa nthawi pa foni. Mukadutsa chokwera anyamata a kumanda akuimitsani ndipo mlandu wake ukathera kwa amfumu. Kankhalango kowirira kali pakokha pakati pa minda kawirikawiri ndi manda, si pokadzithandizira. Ogasiti ndi Sepitembala ndi nyengo ya zinamwali m'midzi yambiri ya kuno, mukaona zizindikiro kapena anthu akukuuzani kuti njira iyi ayi, zungulirani osafunsa zambiri. Perekani moni, "mwaswera bwanji amayi", "wawa abambo", sizikuchedwetsani, ndipo tsiku limene mudzagwe kapena njinga kuthyoka ndi anthu omwewo adzakutoleni. Pofunsa njira tsikani kaye, ndipo musafunse makilomita, akuuzani kuti mpafupi, funsani kuti pa njinga amayenda nthawi yaitali bwanji komanso kuti mlatho ulipo. Belu likhalepo, muziliza mukadali patali chifukwa njinga za magiya siziphokosera, agogo amadzidzimuka nkuthawira komwe mukudutsira. Podutsa pa sukulu kapena pamudzi chepetsani, ana amathamangira njinga, mbuzi imadumpha nthawi yomaliza, nkhuku nayo ilibe nzeru, ndipo nthawi yokolola anthu amayanika mpunga, chimanga ndi makaka m'mphepete mwa msewu. Mukagunda chiweto musathawe, imani mukambirane. Njinga zamoto za kabaza ndi zimene ndimaziopa kuposa galimoto m'njira zimenezi, zimatulukira pa kona mbali iliyonse, khalani kumanzere ndipo zomvera nyimbo m'makutu siyani kunyumba. Munthu wa kunyumba adziwe komwe mwalowera ndi nthawi yobwerera.

Mukapalasa miyezi 6 kapena chaka, mukaona kuti maulendo a makilomita 70, 80 akukukomerani, mukusakaniza tala ndi fumbi, manja akutopa ndi handulo yowongoka ndipo kulemera kwa mauntini kwayamba kukunyansani, pamenepo nde tikambe zogula. Ndipo olo pamenepo sindingakutumizeni ku yatsopano ya kaboni. Mu kaunjika mumapezeka njinga za haibulidi ndi za maulendo ataliatali za 700c, za chitsulo kapena aluminiyamu, magiya 8 kapena 9, mabuleki a waya, zimene mukaziveka matayala abwino zimagwira ntchito yomweyo. Chitsulo chili ndi ubwino woti chikathyoka wowotcherera aliyense amalumikiza, aluminiyamu ndi kaboni ayi. Pogula yang'anani ming'alu pomwe mapaipi akumana, makamaka kunsi kwa khosi ndi pa mapedulo, zungulitsani magudumu muone ngati sakuvina, onani ngati chishalo chikutheka kukwera ndi kutsika chifukwa zina paipi yake inagwirana ndi dzimbiri, imirirani pakati pa fulemu muone ngati pakutsala mpata. Matayala ndi machubu a 622 gulirani limodzi awiri awiri musunge. Ndipo pitani ndi rula muyeze mpata wa pa foloko ndi wakumbuyo, pazilowa tayala la 40 nkutsalako malo a matope mbali zonse. Ngati lalikulu limene lingalowe ndi la mamilimita 28 kapena 32 isiyeni olo wogulitsa atsitse mtengo, imeneyo ndi ya pa tala.